Pamene Adokotala Anazunguliza ndi Pensulo Yofiira

Mayina a malo anapita limodzi ndi chotupa. Adokotala atanditsegula mutu n'kuchotsa chimene chinamera pa ubongo, ndinadzuka ndikudziwa dzina la mwana wanga, dzina la achemwali anga ndi nyimbo zonse za kwaya, koma midzi ndi matauni zinali zitafufutika, ndipo kuyambira pamenepo mayina a malo atsopano sakhalanso m'mutu. Ndiye musandivutitse ndi mafunso akuti kunali kuti. Kunali tauni ya fumbi, kunali mudzi wa pamlatho, kunali msika wa m'munsi mwa phiri. Zaka nazo sindinkazigwira bwino, zinkangodutsa. Chimene sindinataye ndi envulopu yaikulu ya khaki.

Patangopita masiku awiri chichitikireni opareshoni, anandikankha pakabedi kupita nane ku chipinda chozizira. Munali makina ooneka ngati mgolo wogonekedwa chammbali. Anandivula ndolo, anandibaya jekeseni pamkono, n'kundilowetsa mutu m'mgolomo. Makinawo anagogoda, anagogoda, mpaka ndinayamba kuimba chamumtima motsatira kugogodako. Potuluka ndinafunsa anesi chimene ankathamangira kundijambula bala lisanaume n'komwe.

"Mankhwala takubayaniwa amawalitsa chotupa pachithunzi," anatero. "Koma bala likayamba kupola nalonso limawala. Tikachedwa sitingasiyanitse chipsera ndi chotsalira. Zithunzi zonse zam'tsogolo tidzaziyerekeza ndi cha lerochi, ndiye musadzachitaye."

Kuchipatala nkhani yolemera sauzidwa wodwala. Amauzidwa gadiyani, munthu amene wabwera kudzakusamalira, wokuphikira phala ndi kukuchapira nsalu pampopi. Wanga anali achemwali anga a Felesiya. Bambo ake a Tiyanjane, mwana wanga, anali atatchona kalekale, ndipo mayi athu anali atatisiya. Tsiku lachitatu adokotala anaitanira a Felesiya mu ofesi, chitseko n'kutsekedwa. Anakhalitsamo. Potuluka maso anali psuu, koma mano ali panja.

"Zatheka, mng'ono wanga. Achotsa chonse."

"Nanga mukulira chiyani, achemwali?"

"Chimwemwe, iwe. Munthu asalire?"

Anasolola chithunzi m'envulopu n'kuchikweza pawindo. Chinali chakuda, cha pulasitiki, ndipo mutu wanga unali pamenepo wodulidwadulidwa ngati magawo a phwetekere. Pa gawo limodzi panali dzenje lakuda, m'mphepete mwake kadontho koyera kukula kwake ngati nyemba. Kadonthoko anali atakazunguliza ndi pensulo yofiira.

"Apa bwanji alembapo?"

"Ndi pamene achotsa. Azunguliza kuti uzikumbukira chimene Mulungu wakuchitira."

M'buku langa la kuchipatala munalibe tsamba limodzi. A Felesiya anati phala linatayikirapo. Ndinawakhulupirira, chifukwa munthu amene wakupukuta masanzi milungu itatu sumufunsa kawiri.

Kwathu ndinachira msanga. Tsitsi linamera n'kuphimba chipsera, ndinayambanso kutunga madzi. Tiyanjane anali ndi zaka zinayi, kamwana kolongolola kosachoka pamwendo panga. A Felesiya anali atakhala pabanja zaka khumi opanda mwana, ndipo nthawi yonse imene ndinkadwala ndi amene ankamusambitsa. Mmawa wina tikupeta chimanga anayamba nkhani.

"Iwe wachira. Ukhalira chiyani muno, kudikira mwamuna wosabwera? Pita ukaphunzire ntchito yamanja. Ukapeza pako udzam'tenga mwanayu. Nthawi ilipo yambiri."

Anabwereza mawa lake, anabwerezanso mkucha, mpaka mawuwo anakhala ngati anga. Tsiku lonyamuka Tiyanjane anagwira nsonga ya chitenje changa, osalira, kungogwira basi. A Felesiya anam'masula zala chimodzichimodzi. Ndinamuuza kuti ndidzabwera mango akapsa.

Pa depoti ya tauni ya fumbi panali mayi wogulitsa nthochi, wovala duku lobiriwira. Anandiyang'ana kumsana n'kufunsa, "Mwana mwam'siya kuti?" Ndinati ali ndi achemwali. Anagwedeza mutu n'kundiwonjezera nthochi imodzi.

M'tauni imeneyo ndinaphunzira utelala kwa a Nanyoni, mayi wonenepa amene ankasokera pakhonde la sitolo. Anali ndi pakamwa mayi ameneyu. Ukasoka mzere wokhota ankaitana anthu odutsa kuti adzaone njira ya munthu woledzera. Koma manja awo anali ndi nzeru. Anandiphunzitsa kuyeza munthu ndi maso tepi isanam'khudze, kugoneka nsalu motsatira ulusi wake, ndi kulemba ndi choko usanagwire sizasi. Ndinakhala nawo nyengo ziwiri za mvula, kapena zitatu.

Masana ena ntchito itachepa anafunsa za envulopu imene ndinkaibisa pansi pa mpando. Ndinatulutsa chithunzicho monyadira n'kuchikweza padzuwa. Ndinawaonetsa dzenje, ndinawaonetsa mzere wofiira, ndinati apa ndi pamene anachotsa. A Nanyoni anavala magalasi awo, anayang'ana nthawi yaitali.

"Za madokotala sindizidziwa, mwana wanga," anatero. "Koma ine choko ndimalemba pamene sindinadule. Pamene ndadula kale ndilembepo chiyani?"

"Mutu wanga si nsalu ya yunifolomu, amayi."

"Eya, si nsalu," anatero, n'kubwerera ku makina awo.

Ndinasokera Tiyanjane diresi lachikasu la matumba awiri n'kulitumiza pa basi. Nditaimba foni, mawu oyamba a a Felesiya anali akuti, "Mutu uli bwanji?" Nthawi zonse ankayambira pamenepo, moni asanathe. Ine mtima unkachita kusungunuka, ndinkati ndili ndi mchemwali ine. Kenaka anati diresi lachepa, mwana wakula, alipereka kwa mwana wa oyandikana nawo. Ndinapempha kuti ndiyankhule naye. Anati wapita kosewera.

A Nanyoni maso atayamba kuchita mdima, mpongozi wawo anabwera ndi ngolo n'kutenga makina. Ndinanyamula envulopu yanga n'kukwera basi.

Ulendo umenewo ndinadzera kwathu. Mango anali atatha. Tiyanjane atandiona anabisala kumbuyo kwa nkhokwe, ndipo nditam'patsa bisiketi anayang'ana kaye a Felesiya asanalandire. Ndinagona masiku awiri okha. "Waona?" anatero a Felesiya. "Wangoyamba kukhazikika. Ukamabwera n'kuchokanso umusokoneza, adzadwala nazo. Pita ukamalize kaye, nthawi ilipo yambiri." Ndinalira m'basi mpaka kondakitala anandipatsa mpando wa pawindo.

Ku mudzi wa pamlatho nakonso kunali mayi wa nthochi, duku lomwe lija. "Mwana mwam'siya kuti?" Ndinati ali pasukulu, ndipo sanandiwonjezere kanthu.

Kumeneko ndinakhala ndi a Chikaonda, bambo wowonda wokhoma zidebe pansi pa mtengo wa mkuyu. Anthu ankaseka kuona mkazi atagwira nyundo, ine ndinkawauza kuti abwere pafupi ndiwaonetse mmene imagwirira ntchito. Chidebe chodontha chikabwera, a Chikaonda ankachidzaza madzi, kuchikweza m'mwamba, kuona pamene pakutuluka dontho, n'kuzungulizapo ndi khala. Akatero ankakhuthula madzi n'kuwotcherera. Ndinazunguliza zidebe zosawerengeka ndi dzanja langali osaganiza kanthu.

Chithunzi sindinawaonetse dala. Mphepo inagwetsa envulopu, iwo n'kutola. Anachikweza m'mwamba mmene ankakwezera chidebe.

"Ichi chinakabwerera kwa mwini ntchito?"

"Chibwerere chiyani? Anamaliza."

"Chidebe chabwino ine sindichilemba, mayi."

Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti akadakhala odziwa za mitu sakadakalamba akugogoda malata pansi pa mtengo. Anandibwezera chithunzicho n'kutola nyundo yawo. Mawa lake ndinachoka osatsanzika, ndipo mpaka lero manyazi amandigwira ndikakumbukira nkhope yawo.

Pakati apa pali malo ena amene sindiwakumbukira bwino. Ndinaphikako mandasi pafupi ndi chigayo. Ndinalukako tsitsi m'tauni ina imene mvula sinkakata. Kulikonse ndinkapanga kanthu ka Tiyanjane, ndipo kulikonse kankakhala kochepa, chifukwa m'mutu mwanga mwanayo anali adakali wa zaka zinayi. Foni inali yomweyo. Mutu uli bwanji, wapita kosewera. Mutu uli bwanji, ali ku kwaya.

Ku msika wa m'munsi mwa phiri mayi wa nthochi sanafunse chilichonse. Anangondiyang'ana kumsana, kenaka kumutu.

Ndinapeza ntchito kwa a Kamphinda, wojambula zithunzi amene anali ndi kachipinda kokhala ndi nsalu yojambulidwa nyumba yosanja. Anthu ankaima kutsogolo kwa nyumba imeneyo atabwereka jekete. Ine ndinkawawongola makolala ndi kuwauza kuti asatseke maso, ndipo pang'onopang'ono ndinaphunzira kugwira kamera. A Kamphinda anali munthu wofatsa, wamasiye, wokonda tiyi wopanda shuga. Ankasunga zithunzi za anthu osabwera kudzatenga, ndipo panali banja lina limene linkajambulitsa chaka ndi chaka. Tsiku lina anandiyalira zithunzi za banjalo patebulo, mwa ndondomeko yake.

"Taonani bambo awa. Pa ichi ali bwino. Pa ichinso mukhoza kunena kuti ali bwino. Koma ikani ziwirizi pamodzi, muone kolala ya shati."

Shati inali yomweyo, koma pa chachiwiri khosi linali litachepa m'kolalamo. Pa chachitatu bamboyo panalibe.

"Chithunzi chimodzi chimangokuuzani kuti munthu analipo," anatero. "Mukafuna kudziwa kumene akupita, pamafunika ziwiri."

Sindikudziwa chimene chinandituma, koma ndinakatenga envulopu. A Kamphinda anapukuta manja, anagwira chithunzicho m'mphepete mmene amagwirira anthu odziwa, n'kuchiika pawindo.

"Chinzake chili kuti?"

"Palibe chinzake."

"Sanakuuzeni kuti mudzabwerenso?"

"Anauza achemwali anga kuti zatheka."

"Anauza achemwali anu," anatero pang'onopang'ono, n'kundibwezera.

Pasanapite nthawi ndinayamba kumva fungo la tayala lopsa pamene panalibe moto. Linkabwera mmawa, n'kuchoka. Kenaka dzanja lamanzere linayamba kuiwala zimene lagwira. Linagwetsa kapu, linagwetsa chipeso. Tsiku lina ndikujambula akwati, nyumba yosanja ya pansalu ija inapendekeka, ndipo ndinadzuka ndili pansi, lilime nditaliluma, mkwatibwi akundikupiza ndi maluwa ake. A Kamphinda anatseka kachipinda kawo n'kukandikweza basi ya ku mzinda wa chipatala chachikulu.

Chipinda chinali chozizira ngati kale. Ndolo, jekeseni, mgolo, kugogoda. Nyimbo ya kwaya ndinaiyamba koma inathera panjira. Nditatuluka, mayi woyendetsa makinawo anapempha chithunzi chakale. Atachiona anapita kukafufuza faelo yanga, n'kubwera nayo ili fumbi lokhalokha. Anawerenga, anandiyang'ana, anawerenganso.

"Amayi, munali kuti zaka zisanu ndi chimodzi zonsezi?"

"Ndinkaphunzira ntchito."

"Muno alemba kuti kachidutswa kanatsala chifukwa kanamatirira ku mtsempha. Alemba kuti mubwere pakatha miyezi itatu tidzakujambuleninso, n'kumabwerabe, kuti kakayamba kukula tikapeze kadakali kakang'ono. Ndipo alemba kuti gadiyani wauzidwa." Anaika chala pa mzere wofiira uja. "Adokotala sazunguliza chimene achotsa, amayi. Amazunguliza choti tizichiyang'anira."

Ndinaseka. Ndinaseka mokweza mpaka mayiyo anadzidzimuka. Telala anandiuza, wokhoma zidebe anandiuza, wojambula anandiuza, ndipo ine ndinayenda dziko lonse ndikuonetsa anthu matenda anga ngati satifiketi. Mayiyo anati zotsatira ndikazimva kwa adokotala Lachinayi la sabata yotsatira. Ndinakwera basi ya kwathu.

Ndinafika dzuwa lili paliwombo. A Felesiya anali pamkeka akusenda mtedza. Pambali pawo panali mtsikana wamtali, wa miyendo yaitali ngati ya bambo ake, atavala diresi losokedwa ndi munthu wina. Anagwada bwinobwino n'kundilandira chikwama.

"Takulandirani, amayi aang'ono," anatero. Kenaka anatembenukira kwa a Felesiya. "Amayi, ndiwatengere madzi?"

Ndinam'bereka ine mwana ameneyo, ndinam'yamwitsa chaka ndi theka, ndipo anandiitana mmene amaitanira mng'ono wa mayi ake. Ndinadikira kuti apite ku mjigo. Kenaka ndinaika chithunzi pamwamba pa mtedza.

"Achemwali, tsamba lija la phala lili kuti?"

Manja awo anaima. Sanakane, sanafunse kuti tsamba liti. Analowa m'nyumba n'kubwera ndi buku la nyimbo, ndipo tsambalo linali m'katimo, lopindidwa kanayi, lopanda ngakhale dontho la phala.

"Adokotala anati mwina utsala ndi chaka, mwina ziwiri, mwina kupitirira, sangadziwe," anatero. "Ine ndinkaona pa wodi paja. Amene ankauzidwa ankatembenukira kukhoma n'kusiya kudya. Ndinati mng'ono wanga asafe ndi mantha."

"Ndiye bwanji simunandibwezeko pa miyezi itatu? Mukadangoti tiye akakuone."

"Ukadadziwa."

"Nanga kundithamangitsa pakhomo pano?"

Anayang'ana njira ya ku mjigo. "Mwana uja akadakuona ukutha pang'onopang'ono, ukugwa, ukuiwala dzina lake. Ndinati azolowere ine iwe udakali moyo, tsikulo likadzafika lisadzamuphe."

"Munandiika m'manda ndikuyenda, achemwali."

"Ndinkakulirira tsiku ndi tsiku, iwe! Foni ikalira mtima unkachita phaa."

"Mutu uli bwanji, mutu uli bwanji. Ine ndinkati n'chikondi. Munkafunsa ngati munthu wa pa depoti wofunsa ngati basi yafika."

"Usanene choncho."

"Mwanayu munkam'funa?"

Nkhuku inabwera kudzajompha mtedza, palibe anaiingitsa.

"Ndinkam'funa," anatero. "Koma si chifukwa chake chokha. Mulungu akudziwa kuti si chokhacho."

Ndikhulupirira kuti ankanena zoona, ndipo n'chimene chimandiwawa kwambiri. Akadakhala mfiti ndikadawada n'kupumula. Anandinamiza ndi manja omwe anandisambitsa. Chotupa chinandipatsa zaka zisanu ndi chimodzi, zambiri kuposa zimene adokotala ankayembekezera, ndipo zonsezo zikadakhala za Tiyanjane. Ndikadam'perekeza tsiku loyamba kusukulu, ndikadam'chotsa dzino logwedera. Ine ndinazithera pa zidebe za anthu ndi makolala a majekete obwereka, chifukwa munthu mmodzi anaganiza m'malo mwanga kuti nthawi ilipo yambiri.

Tiyanjane anabwera ndi madzi. Ndinamwa kapu yonse ndikum'yang'ana. Anali ndi kachipsera pachibwano kamene sindinkakadziwa.

Lachitatu ndikukonza chikwama, a Felesiya anatulutsa mphika, mkeka ndi thumba la ufa wa phala. Anati sangandisiye ndekha ku chipatala. Sindinawaletse, mphamvu zokangana ndinalibe. Ndinangoti mwana apite nafe. Anafuna kutsutsa, koma atandiyang'ana anatseka pakamwa.

Pa depoti ya mumzinda mayi wa duku lobiriwira anali pomwepo ndi nthochi zake. Anayang'ana Tiyanjane, anayang'ana a Felesiya, anayang'ana ine. "Mwanayu ndi wa ndani?" anafunsa. Tinangom'dutsa.

Lachinayi mmawa tinakhala pa benchi atatu, mwana pakati. Chitseko chinatseguka, ndipo adokotala, mayi wachitsikana wa magalasi, anaitana dzina langa. Kumbuyo kwawo ndinaona bokosi lowala la pakhoma, zithunzi ziwiri zitapachikidwa moyandikana. Ngakhale ndili pakhomo ndinatha kuwerenga, a Kamphinda anandiphunzitsa bwino. Pa chakale panali nyemba. Pa chatsopano panali dzira la nkhuku.

Adokotala anandiyang'ana, kenaka anayang'ana pa benchi.

"Gadiyani wanu ndi ati? Ndiyambe ndayankhula nawo kaye."

A Felesiya anali ataimirira kale, akumanga chitenje.

"Khalani pansi, achemwali," ndinatero.

"Mng'ono wanga, ndi mmene amachitira..."

"Khalani pansi." Ndinatembenukira kwa adokotala. "Gadiyani ndine. Mutu ndi wanga."

Adokotala anazengereza pang'ono, kenaka anapatuka kuti ndilowe. Ndikukankha chitseko ndinacheuka. A Felesiya anali atakhala pansi, nkhope ili m'manja. Tiyanjane, mtsikana wamkulu chotere, anali atagwira nsonga ya chitenje chawo, osalira, kungogwira basi. Ntchito imene achemwali anaiyamba inali itatheka.

Ndinatseka chitseko ndekha n'kukhala pampando. Adokotala anatenga pensulo yofiira patebulo.

"Ntchito ya pensuloyo ndikuidziwa," ndinawauza. "Nenani zonse, musasiye kanthu, ndipo munene pang'onopang'ono kuti ndigwire bwino. Panjapo pali mwana woti ndikamuuze ndekha."